Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: zimene amayi akunena pa nkhani yochotsa mimba

Mayi wapampando ndi amayi anzanga nonse,

Ndabwerako bwino kumsonkhano wa masiku atatu umene munandituma. Malisiti a minibasi yochokera pa Lizulu, popita ndi pobwera, ali ndi msungichuma. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zandipeza zimene zinkakambidwa kuchigayo, zoti ndinapita kukadya alawansi. Wofuna kuona mapepalawo akaone.

Tsiku loyamba linathera malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Chaphindu chinali cha loya wina wamayi amene anatimasulira lamulo. Anati kuno kwathu mimba imachotsedwa mwalamulo populumutsa moyo wa mayi. Kupanda apo, mayiyo angalowe ndende zaka 7, womuchotsa zaka 14, ndipo wopereka mankhwala kapena zipangizo zaka 3. Koma kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher anapeza kuti m'chaka cha 2015 chokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno. Ndinafunsa kawiri ngati ndamva bwino.

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku lachiwiri masana. Abambo anawatulutsa, tinatsala tokhatokha. Wotsogolera anafunsa kuti amene akuvomera kuti mayi achotse mimba pa chifukwa choti sakuifuna aimike dzanja. Manja anali owerengeka, enanso ankaimika mwamantha akuyang'ana uku ndi uku. Ine sindinaimike. Kenako anatigawira timapepala topanda dzina, funso lake lakuti: kodi munayamba mwaperekezapo, kubisira kapena kubwereka ndalama mwana wanu, mng'ono wanu kapena mnzanu wofuna kuchotsa mimba? Atawerenga, mulu wa "inde" unaposa wa "ayi". M'chipindamo munangoti zii. Ndife omwe tija, amayi amvano, a chigwirizano, a dawa, amene tinali titangokana kumene.

Zitatero m'pamene anthu anayamba kulankhula zoona. Ambiri anati mwana wogwiriridwa, kapena wopatsidwa mimba ndi wachibale, asakakamizidwe kubereka. Za mtsikana wa sukulu amene wangochimwitsidwa ndi chibwenzi, mawu anali aukali: anazifuna yekha. Koma namwino wina wa kuwodi ya amayi anatidula pakamwa. Anati ambiri amene amafika kwa iye akutaya magazi, ena atadzibaya ndi kamtengo ka chinangwa, ndi ntchembere za pabanja. Wina watumbiza, mwana ali kubere ndipo akuopa kusekedwa. Wina bambo ali ku Joni chaka chachiwiri. Wina ali ndi ana asanu ndi mmodzi, nkhokwe ilibe kanthu. Onsewa akafika amati ndangopita padera, ndipo anamwino amawathandiza osawatengera kupolisi.

Gawo la momwe tingalankhulire ndi atolankhani ndi lina la kalembedwe ka malipoti a ndalama sindinatolepo zambiri.

Pomaliza msonkhano unagwirizana zoti tikakambe ndi aphungu athu za bilu ija yofewetsa lamulo la kuchotsa mimba, imene Nyumba ya Malamulo inakana kuikambirana mu Malichi 2021, pamene phungu wina, a Matthews Ngwale, ankafuna kuibweretsa. Mukumbukira kuti mipingo inaguba kuitsutsa mu Disembala 2016, ndipo ena mwa ife tinaivomera mipingoyo tisanaiwerenge biluyo. Biluyo imalola kuchotsa mimba pa zifukwa izi zokha: moyo kapena thanzi la mayi likakhala pachiswe, mwana akakhala ndi chilema chachikulu choti sangakhale moyo, kugwiriridwa, ndi mimba ya pachibale. Ine ndinavomera, chifukwa kwa mwana wa zaka 13 wogwiriridwa sindiona chifukwa chokanira. Koma ndinawauza poyera kuti ntchembere yotumbiza ija mulibemo m'biluyo. Idzapitabe kwa agogo akuseri kwa phiri. Ifenso a m'malire tikudziwa kuti kungodumpha msewu wa M1 tili ku Mozambique, kumene kuyambira 2014 lamulo limalola mayi kuchotsa mimba yosapitirira masabata 12 akapempha. Ena pamsonkhanopo ankafuna tipemphe zomwezo. Mtima wanga sunafike pamenepo, chikhulupiriro changa chikundikaniza, ndipo sindinafune kukulankhulirani zimene simunanditume. Koma ndende sindiivomera ngakhale pang'ono. Mantha a ndende ndi amene amachedwetsa munthu m'nyumba mpaka mafinya atalowa m'magazi.

Apa mundikhululukire, mayi wapampando, ndinene zakwathu. Mtsikana uja tinamuika m'manda chaka chatha, ife a gulu lino tinadziwa kuti wagona masiku anayi akutentha thupi. Tinathamangira kukauza akuluampingo, kabaza yomutengera kuchipatala osaifuna. Nditapempha kuti tizipatula kangachepe m'thumba la banki m'khonde kolipirira njinga yamoto usiku, komiti inati tikatero tikulimbikitsa uhule. Mawu amenewo akundiwawabe. Ndipo ndani wa ife anapita kukafunsa chifukwa chimene jakisoni wolera amasowera kuchipatala chathu, amayi n'kumabwezedwa atayenda mtunda wonse uja? Tinasankha anthu awiri oti akafunse, mpaka lero sanabweretse yankho.

Choncho Loweruka likubwerali ndikupempha zitatu zilowe pa ndondomeko ya zokambirana: thumba la njinga yamoto libwererenso, anankungwi tiwaitane adzamve zimene namwino uja ananena za kutumbiza, ndipo funso la timapepala lija tidzaliyankhe ifenso, popanda dzina, tisanalembe kalata yopita kwa phungu wathu. Mapepala ndi mabolopeni ndabwera nawo.

Ine nthumwi yanu.