Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo, kuchokera kwa munthu wa ku Linthipe

Olemekezeka a Nduna,

Ine ndimakhala ku Linthipe kuno ku Dedza, bizinesi yanga ndi ya mbatatesi ndi tomato pa msewu, ndiye musayembekezere chizungu chambiri ayi.

Agogo anga akamakamba za chipatala ku Lilongwe ankangoti "ku Bottom", mpaka kumwalira kwawo dzina la Bwaila silinawalowe mkamwa. Amati nthawi ya atsamunda kunali Top ya azungu ndi Bottom ya ife anthu akuda, basi zipatala zake zomwezo. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975 ndi pomwe zinthu zinayamba kusintha, 1977 Kamuzu Central inatsegulidwa, ndipo mpaka lero munthu akangoti "amutumiza ku Central" tonse timadziwa kuti zavuta, yambani kusonkherana. Dzina lake linasinthapo kukhala Lilongwe Central kenako nkubwereranso kwa Kamuzu, koma ife timangoti ku Central. Pano kuli Ethel Mutharika ya amayi oyembekezera, kuli makina otsuka impso, kwamangidwanso chipatala cha khansa. Izi ndi zabwino ndithu, sindikunyoza.

Koma a Nduna, taonani mmene zinaikidwira. Dziko lonseli zipatala zazikulu za boma zotumizako odwala ndi Queens ku Blantyre ya 1958, Zomba, Mzuzu ya 2000 ndi Central yomweyi. Ndiye chigawo chonse chapakati, Dedza, Ntcheu, Salima, Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi, Nkhotakota, tonse maso ali pa khomo limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Dedza yokha tadutsa 800,000, osawerengera abale athu a ku Angonia ku Mozambique omwe amangodumpha msewu kudzalandira mankhwala kuno, ndipo sitingawabweze, enawo ndi amalume athu enieni.

Chaka chatha mayi anga aang'ono anathyoka mwendo atagwa pa kabaza. Pa chipatala china chaching'ono kwathu kuno anatilembera mu buku lakuchipatala kuti tipite patsogolo, koma ambulansi akuti ilibe mafuta, tinadikira kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, mapeto ake ndinachita hayala galimoto ndi ndalama ya mpamba. Kenako ku Central masabata atatu ine gadiyani, kugona pa simenti, kuphika pa mafuwa, tomato wanga kunyumba akuola. Anamwino sindikuwada, mtsikana mmodzi yemwe ndinamuona ankathamanga yekha wodi yonse usiku ngati ali ndi miyendo inayi.

Chomwe chimandiwawa ndi choti Dedza si kuti zachipatala tazidziwa dzulo. Ku Mua mishoni inayamba 1902, ansembe aja ankasamala akhate kalekale Lilongwe ikadali katauni kakang'ono, ndipo chipatala cha Mua chikuthandizabe anthu a ku Mtakataka ndi Golomoti. Kungoti zipatala za mishoni ngati chimenechi, za bungwe la CHAM, nzolipira, ndiye mgwirizano uja woti amayi apakati ndi ana azithandizidwa ulere boma nkumalipira, chonde ndalama zake zizipita nthawi yake, ukaima amavutika ndi mayi wa kumudzi osati inu.

Pempho langa silakuti mutimangire Central yathu mawa, ndikudziwa thumba la boma ndi lobooka. Koma madokotala akumaliza ku College of Medicine kuyambira zaka za m'ma 1990, pano imatchedwa yunivesite ya KUHeS, nanga bwanji akatswiri a mafupa ndi a maopaleshoni osamabwera pa boma pano mokhazikika, tsiku lodziwika mwezi uliwonse, ngakhale kulengeza pa wailesi? M1 imeneyi ngozi zake mukuzidziwa, munthu wovulala pa Bembeke kapena pa Lizulu azipirira makilomita onsewo akutaya magazi?

Mukamadzapita ku Blantyre pa galimoto mudzaime pa Linthipe, mudzafunse amayi ogulitsa pamsewu kuti ndani sanagonepo ku chitando cha magadiyani ku Lilongwe. Mbatatesi ndidzakupatsani ya basela.

Ine wanu,
Wogulitsa pa msewu, Linthipe