Kalata kwa mwana wanga ku London

Mwana wanga wokondedwa,

Ife kuno tili bwino, ndipo mwendo wa mayi ako wasiya kutupa. Ndasankha kukulembera papepala chifukwa pafoni umandidula mawu ndi nthabwala zako, ndipo ndikatseka foniyo ndimapeza kuti zimene zinali kumtima kwanga sindinazinene.

Msuweni wako wandiuza kuti walemba kale kalata yosiya ntchito kutchalitchi chachikulu kumene wakhala ukuyimba zaka zonsezi, ndiponso kuti watenga ngongole kubanki kuti uyambitse gulu lako ndi kujambula chimbale cha nyimbo zija za chaka cha 1610 za Monteverdi, wopeka nyimbo wa ku Italy. Usamukwiyire, ndinachita kumupanikiza ndine. Koma zandiwawa kuti nkhani ya ngongole ndiimve kwa munthu wina, pamene iwe ndi ine tinacheza Lamulungu lapitali ndipo unandiuza za nyengo yozizira yokha.

Ndatenga kabuku ka pulogalamu kamene unatitumizira chaka chatha, ka tsiku limene unayimba nyimbo zomwezi m'gulu la munthu wina, ndipo ndawerenga mayina onse amene ali kumbuyo kwake ndi pensulo m'manja. Muli oyimba, muli omenya mavayolini, muli oliza malipenga amakedzana, muli woliza limba, ndiponso mkulu uja wa chiwiya cha zingwe chimene khosi lake ndi lalitali kuposa mwini wake. Tsiku limenelo iwe unali dzina limodzi pamndandanda, unayimba, unalandira zako ndi kukagona. Tsopano mayina onsewo adzakhala akuyang'ana thumba lako, pa masiku okonzekera ndi pa tsiku lenilenilo, holo idzaze kapena isadzaze. Uwonjezepo lendi ya malo ojambulira, wojambulayo, ndi matikiti a sitima. Woyimba amalandira, woyimbitsa amalipira, ndipo ine ndikuopa kuti iwe wangoona manja akuvina m'mwamba osaona kuti manja omwewo ndiwo amasayina mapepala a kubanki.

Sindikunena kuti ulibe mphatso. Ndinali woyamba kuimva, tsiku lija unayimba alito wekha pamaliro a agogo ako aakazi mawu ako atatha kale kusweka, anyamata akuseka kuseri kwa nkhokwe kuti ukuyimba ngati mtsikana. Ndinawathamangitsa ndi ndodo, ngakhale kuti inenso sindinadziwe kuti kunja kuli amuna amene amadyera mawu oterowo. Unachita kundiphunzitsa ndiwe za Alfred Deller, woyimba wa ku England wa mawu ngati akowo, ndipo ndakhala ndikuwerenga mabuku awiri amene unasiya m'kabati, mwina kuposa mmene unawawerengera iwe mwini.

Ndiye tiye tikambe za anthu akowo. Deller analowa kwaya ya tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London mu 1947, ndipo pamene ankayambitsa gulu lake sanataye ntchito ya kutchalitchiyo, anaigwirabe mpaka kumayambiriro a zaka za m'ma 1960. René Jacobs, amene umamutchula ngati kuti ndi malume ako, anabadwa mu 1946 ku Ghent m'dziko la Belgium, anaphunzira Chilatini ndi Chigiriki payunivesite ndipo anagwirapo choko m'kalasi monga ine. Gulu lake la Concerto Vocale analiyamba mu 1977 dzina lake litamveka kale ngati woyimba, ndipo anapitiriza kuyimba ndi kuphunzitsa ku Basel m'dziko la Switzerland uku akuphunzira kuyimbitsa. Anthu amenewa anaponda mwala wachiwiri phazi lina lidakali pamwala woyamba. Iwe ukufuna kudumpha mtsinje wonse utasenza ngongole kumutu.

Ndipo Monteverdi mwiniwakeyo, kodi nyimbo zimenezi zinamulemeretsa? Anazisindikiza mu 1610 ali ku Mantua, kumene ankadandaula kawirikawiri kuti malipiro ake akuchedwa, ndipo patangopita zaka ziwiri, mu 1612, anamuchotsa ntchito atatumikira nyumba yachifumu ya kumeneko zaka zoposa 20. Anapeza mpumulo mu 1613 pamene anamulemba ntchito kutchalitchi cha San Marco ku Venice, kumene malipiro ankabwera pa nthawi yake. Taona, chimene iye anachifunafuna kwa zaka zambiri ndi chimene iwe ukuchitaya ndi kalata imodzi. Bach, wopeka nyimbo wa ku Germany, nayenso analembera mnzake mu 1730 kudandaula kuti ku Leipzig mphepo ikakhala yabwino anthu safa ambiri, ndipo ndalama zoyimbira pamaliro zimachepa. Ndinaseka nditawerenga, koma mayi ako atamva kuti mkazi wa Bach anamwalira mu 1760 akudalira thandizo la amphawi, sanaseke.

Mwina ukuti bambo akulankhula za m'mabuku. Uli Sitandade 2 ndinatenga ndalama kwa wakatapila kuti ndisokeretse kwaya yathu mayunifolomu ndi kupanga hayala lole yopitira kumsonkhano wa makwaya, chifukwa aliyense analonjeza kuti asonkha akagulitsa fodya. Tinayimba bwino kwambiri, anthu anaimirira. Koma fodya atagulitsidwa, a tena ndi a besi anayamba kundizemba panjira, ndipo wangongole sanapite kwa iwo, anabwera pakhonde langa, nakhala pampando wanga wandalema mpaka dzuwa kulowa. Njinga inapita. Makina osokera a mayi ako, aja ankasokera madiresi a ana a sukulu usiku ndi nyali ya koloboyi, anapita nawonso, ndipo pansi pamene ankakhala panatsala timaenje tinayi timene tinaoneka mpaka tsiku limene tinaziranso nyumba. Teremu imeneyo unapita kusukulu wopanda nsapato ndipo tinakuuza kuti zinali kwa wokonza. Nkhani imeneyi mayi ako sanaiyambitsepo ngakhale tikakangana, ndipo kukhala chete kwawoko kumandilanga mpaka lero.

Ngati kalata yosiya ntchitoyo ingathe kubwezedwa, pita ukaibweze, manyazi ake ndi a sabata imodzi yokha. Ngati sizingatheke, gwira ntchito iliyonse yoyimba imene ingabwere, ya ukwati, ya maliro, ya Khirisimasi, ndipo usakane ana ofuna kuphunzira mawu poganiza kuti woyimbitsa sachita zimenezo. Yamba ndi nyimbo za anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi popanda zoyimbira, za Byrd kapena za Tallis, opeka nyimbo akale a ku England, zimene mungayimbe m'tchalitchi chaching'ono osagulitsa malaya. Monteverdi wadikira zaka zoposa 400, angathe kukudikira zaka zina zitatu. Anzako amene akukulimbikitsawo uwafunse mmodzimmodzi ngati ali okonzeka kuika dzina lawo papepala la ngongole pafupi ndi lako, ndipo uone nkhope zawo.

Ndalama zimene umatitumizira mwezi ndi mwezi uyambe waima kaye. Chimanga tili nacho chokwana kufika masika, ndipo penshoni yanga, ngakhale ndi yochepa, imagula mankhwala a mayi ako. Chimene ndikufuna kwa iwe ndi yankho lolemba, osati la pafoni: ngongoleyo ndi ya ndalama zingati, chiwongoladzanja chake ndi chotani, uyamba kubweza mwezi uti, ndipo wapinyolitsa chiyani. Usandichepetsere chiwerengero, ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse.

Mayi ako akuti uzimanga mpango kukhosi ukamatuluka usiku, ndipo akufunsa ngati chifuwa chija chinatheratu.

Ndine bambo ako.