Kodi ufa wa mapuloteni ungafulumizitse mtsempha wanga kuphuka?

A Dokotala,

Ndine telala wa zaka 41, ndimasoka pakhonde la sitolo ina kuno ku Zomba. Mu February chimphepo chidasasula denga la khitchini kwathu, ndipo pofuna kugwira lata lomwe linkauluka ndidatemeka mkono wamanja, cham'kati mwa chigongono. Kuchipatala adati lata lidadula mtsempha wonyamula mauthenga womwe amautcha ulnar, ndipo adaulumikiza pa opaleshoni.

Bala lidapola kalekale. Koma kachala kakang'ono ndi theka la chala choyandikana nako zili dzanzi mpaka lero, zayambanso kupindika ngati zala za nkhuku. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala pachita kadzenje, mnofu ukufota. Sizasi ndikugwira movutikira. Tsiku lina simbi idandiwotcha kachalako ine osamva, ndidangoona chithuza madzulo posamba.

Dokotala amene adandiona mwezi watha adandijambulira kuseri kwa buku langa lakuchipatala. Adati gawo la mtsempha lochokera pabala kutsikira kuzala lidafa ndipo thupi lidasesa zotsalira zake, chatsala ndi njira yokha, ngati paipi yopanda madzi. Selo lenilenilo, mwini mtsempha, lili kutali m'kati mwa msana cham'munsi mwa khosi. Likazindikira kuti nthambi yake yaduka, limachepetsa ntchito ya mauthenga n'kuyamba kupanga mapuloteni omangira ochuluka, adatchula tubulin ndi actin, n'kumawatumiza kumkono. Mapuloteni ena akuti amapangidwira pansonga pomwepo pamene mtsempha ukuphukira. Liwiro lake ndi pafupifupi milimita 1 patsiku.

Ine tepi sichoka pakhosi, choncho ndidayeza nditangotuluka panja: masentimita 34 kuchoka pachipsera kufika kunsonga ya kachala. Amenewo ndi masiku 340, A Dokotala! Ndipo adandichenjeza kuti mnofu ukakhala miyezi 12 mpaka 18 osalandira uthenga, ukhoza kukanika kudzukanso. Chimandisowetsa tulo n'chimenechi.

Vuto lidayamba nditafotokozera mayi akunyumba. Iwo pa zonsezo adatolapo liwu limodzi lokha, mapuloteni. Pasanathe sabata kudafika mayi wina wogulitsa zitini za ufa wosungunula m'madzi, zithunzi za anthu ochira zili thoo mufoni mwake. Chitini chimodzi mtengo wake ndi wa thumba la chimanga, ndipo akuti ndimwe zitini zisanu ndi chimodzi kuti mtsempha uthamange. Akazi anga akuti tigulitse imodzi mwa makina anga awiri a Singer. Sindiwaimba mlandu, ndi iwo akundimangira mabatani a malaya m'mawa uliwonse.

Koma mtima wanga ukukayika. Mmisiri akakhala mmodzi ndipo amayala njerwa pa liwiro lake, kumuunjikira njerwa zina pabwalo kungafulumizitse khoma? Kwathu sitigona ndi njala. Usipa, nyemba, soya ndi mtedza sizisowa, mazira kawiri kapena katatu pa sabata. Momwe ndidamvera ine, thupi limayamba laphwanya kaye chilichonse chimene tadya, kenaka selo limamanga mapuloteni akeake. Ndiye ufa wam'chitiniwo ukuposa usipa pati? Ngati ndikulakwitsa ndiuzeni, makinawo ndigulitsa mawa lomwe.

Pali chinanso. Ndikagogoda ndi chala m'mphepete mwa mkono, pali malo amodzi pomwe ndimamva kunyanyuka ngati magetsi mpaka kukachala. Poyamba malowo adali pachipsera penipeni. Tsopano, patapita miyezi inayi, atsika masentimita 9, ndimalembapo ndi choko chosokera Lamlungu lililonse. Apongozi anga akuti chimenecho n'chizindikiro choti matenda akufalikira, ndipite akanditeme mphini. Ine ndikuganiza kuti ndi nsonga ya mtsempha ikuyenda. Akulondola ndani?

Fodya ndidasiya monga adandilamulira, shuga adayeza alibe vuto, ndipo kumafizo ndimapita ndikapeza ya kabaza. Ndiuzeni ngati pali china chimene ndingachite kuti mnofu usafote mtsempha usanafike, komanso kuti malo onyanyukawo akaima pamodzi, ndidikire masabata angati ndisanabwerere kwa amene adandipanga opaleshoni.

Ine wanu,
Telala wodandaula, Zomba