Lipoti la msonkhano wa nkhani ya Eurovision uja munanditumako

Atcheya, akomiti ndi nonse a m'gulu lathu la kwaya, moni. Pepani ndachedwa kulemba lipotili, mashifiti andithina sabata yonseyi, koma ndati ndisadikire mpaka pa pulakatisi chifukwa pali zina zofunika muziganiziretu. Msonkhano uja ndinapitadi Loweruka, unali mu holo ya tchalitchi ina kuno ku Dublin, tinayamba 2 koloko kumaliza cha m'ma 6 kunja kutada kale. Anabwera nthumwi za timagulu ta oyimba ochokera maiko ena amene tikukhala kuno, ena a ku Poland, Nigeria, Ukraine, Brazil, komanso ma Irish eni ake angapo. Nkhani inali imodzi, ndi maiko ati oyenera kumapikisana nawo mu Eurovision, mpikisano wa nyimbo wa chaka ndi chaka wa ku Europe, ndiye kuchokera pamenepo tione ngati chaka chino tidzasonkhanenso kuonera fainolo limodzi ngati momwe timachitira.

Kwa amene simunatsatire, chinayambitsa zonsezi ndi msonkhano wa EBU, bungwe la mawailesi lomwe ndi eni mpikisanowu, umene unachitika ku Geneva pa 4 December 2025. Mawailesi ena amafuna pakhale voti yoti Israel ipitirize kapena ayi chifukwa cha nkhondo ya ku Gaza, koma voti imeneyo siinachitike, anangovotera malamulo atsopano a kavotedwe basi ndiye Israel inatsala momwemo. Tsiku lomwelo RTÉ, wailesi yathu ya kanema kuno ku Ireland, inalengeza kuti ikutuluka ndipo siionetsa n'komwe mpikisanowu, nawonso Spain, Netherlands ndi Slovenia anatuluka, kenako Iceland inatsatira patangopita masiku ochepa. Mukumbukire kuti Ireland inawina ka 7, yofanana nayo ndi Sweden yokha, ndiye kwa anthu akuno kutuluka kumeneku si nkhani yamasewera, mu holo muja munali azigogo oti akhala akuonera kuyambira ali ana.

Chinthu choyamba chimene ndaphunzira, ndipo ine ndinali nacho molakwika zaka zonsezi, mu mpikisanowu salowa maiko ayi, amalowa ndi mawailesi a kanema amene ali mamembala a EBU. Bambo wina amene amatsogolera zokambirana anajambula mapu pa chipepala chachikulu chija ndi maka wofiira, mzere wake unadutsa kumunsi kwa nyanja ya Mediterranean kutenga kumpoto kwa Africa ndi mbali ina ya Middle East, akuti dera la mawailesi limene EBU imatsata ndi limeneli osati mapu a Europe amene tinaphunzira ku pulayimale. N'chifukwa chake Israel yakhalamo kuyambira 1973 mpaka kuwina kanayi, komaliza mu 2018. N'chifukwa chakenso Morocco inayimbako mu 1980 ku The Hague, woyimba wake Samira Said, anathera pa nambala 18 mwa 19 ndipo dzikolo silinabwererenso. Mpaka lero ndi dziko lokhalo la mu Africa limene linapondapo pa siteji imeneyi. Australia ndiye ili kunja kwa mzere ujanso, anangoiitana ngati mlendo mu 2015 chifukwa wailesi ya SBS yakhala ikuonetsa mpikisanowu kwa zaka zambiri, mlendo uja anakhazikika, mu 2016 anafika pa nambala 2.

Ndiye funso lija munandipatsa a mlembi lakuti nanga ife a Malawi sitingalowe, ndinafunsadi. Yankho ndi lakuti sitili m'dera limenelo, njira ingakhale ya kuitanidwa ngati Australia basi. Panali ena amafuna tikambe za zimenezi nthawi yaitali, mnyamata wa ku Nigeria amati ngati khomo linatsegukira Australia litsegukirenso ena, koma kunena zoona anthu mitima yawo inali pa nkhani ya Israel ndiye tinadutsa msanga.

Apa ndi pamene panatentha. Mayi wina wa ku Ukraine, wa kwaya ya azimayi, anaimirira atagwira foni m'manja akuonetsa chithunzi cha nyumba ya kwawo denga litagumuka, sanakuwe ayi amayankhula motsitsa kwambiri mpaka tinachita kuzimitsa hita kuti timve. Mfundo yake inali yoti Russia italowa m'dziko lawo pa 24 February 2022, mawa lake lomwelo EBU inaichotsa mu mpikisano, panalibe zodikira miyezi kapena kuitanitsa misonkhano, ndipo iwo anathokoza chifukwa zikanawapweteka kuona mbendera imeneyo ikukupizidwa pa TV anthu akuvina. Ndiye anati sangathe kuuza mayi wa ku Gaza kuti zake ndi zosiyana. Atakhala pansi holo yonse inangoti zii kwa kanthawi.

Koma mbali inayo nayonso inayankhula ndipo ndikufuna ndikuuzeni mwachilungamo chifukwa munandituma kukamva zonse. Bambo wina wachikulire anati EBU imanena kuti wopikisana ndi wailesi ya Kan osati boma la Israel, ndipo Kan yomweyo yakhala ikulimbana ndi andale a kwawo amene amafuna kuichotsa m'manja mwa boma n'kuigulitsa, ndiye kuithamangitsa ndi kulanga anthu olakwika. Anatinso woyimba wa Israel wa 2025 uja Yuval Raphael ndi mtsikana amene anapulumuka pa chiwembu cha pa 7 October 2023 pa chikondwerero cha nyimbo, munthu wotero ungamuuze bwanji kuti usayimbe. Ena anamuyankha kuti vuto si mtsikanayo, vuto ndi makampeni otsatsa amene anachitika ofuna mavoti, paja iyeyu ndi amene anatsogola pa mavoti a anthu oonera ngakhale anathera pa nambala 2 kumbuyo kwa JJ wa ku Austria. Malamulo atsopano aja akukhudza zomwezi, mavoti amene munthu ungaponye atsika kuchoka pa 20 kufika pa 10, majaji abwereranso mu ma semi fainolo, ndipo akuletsa maboma kumachita makampeni opyola muyeso.

Itafika nthawi yathu ndinanena zimene tinagwirizana zija, kuti ife ngati kwaya sitinabwere kudzaweruza nkhondo koma tikufuna muyeso ukhale umodzi. Kenako ndinawonjezera zanga ndipo ngati ndinapyola malire mundidzudzule. Ndinawauza kuti ife akumwera kwa Africa nkhani yonyanyala zoyimbayimba si yachilendo, nthawi ya tsankho ku South Africa oyimba ambiri a kunja amakana kukayimba ku malo achisangalalo a Sun City, pomwe dziko lathu la Malawi nthawi ya Kamuzu linasankha kukhala pa ubale ndi boma limenelo kuyambira 1967, ndiye mbali zonse ziwiri tikuzidziwa, ya okana ndi ya otsala. Sindinanene kuti nkhani ziwirizi ndi zofanana ndendende. Ndinangoti mawu akuti nyimbo zilibe ndale ife sangatigwire mtima, chifukwa woyimba akakwera pa siteji dzina la dziko lili pa sikirini mbendera ili m'manja, ndale zalowa kale.

Maganizo anga nditamva zonse ndi awa abale. Chimene chikuwononga si mapu ayi, kaya Australia kaya Morocco ine ndilibe nazo vuto, ayimbe. Chikuwononga ndi chakuti nkhani ya nkhondo imagamulidwa potengera amene ali ndi mphamvu m'chipindamo tsiku limenelo. Belarus anaichotsa mu 2021 chifukwa cha mawu a m'nyimbo ndipo kenako wailesi yake anaiyimitsa umembala, Russia mu 2022, pamene apa akuti ayi tisavote n'komwe. Komanso pali maiko aja a Big Five, UK, France, Germany, Italy ndi Spain, amene amalowa fainolo osadutsa mu semi chifukwa amasonkha ndalama zambiri, ndiye ukamva kuti onse ndi ofanana umangodziwa kuti ayi ndithu. Spain yokha mwa amenewa ndi imene yatuluka. Ine ndikuona kuti RTÉ inachita bwino, ndipo ndikunena izi ndikudziwa kuti ena mwa inu mumakonda Israel kuchokera pansi pa mtima chifukwa cha chikhulupiriro chathu, enanso muli ndi achibale amene anapita kukagwira ntchito m'minda kumeneko. Sindikunyoza zimenezo ngakhale pang'ono.

Zimene msonkhano unamanga ndi ziwiri. Kuonera limodzi m'dzina la magulu onse chaka chino kulibe, fainolo ili pa 16 May 2026 ku Vienna ndipo amene akufuna adzaonere kunyumba kwake pa BBC, palibe wodzamuloza chala. M'malo mwake usiku womwewo kudzakhala konsati yathu tokha mu holo yomweyo, gulu lililonse nyimbo ziwiri za chilankhulo chakwawo, ndipo anati wina aliyense wokhala kuno ndi wolandiridwa posatengera pasipoti yake. Pali kalata imene ikulembedwa yopita ku EBU yopempha kuti pakhale lamulo lolembedwa poyera lonena nthawi imene wailesi ya dziko lomwe lili pa nkhondo iyenera kuyimitsidwa, lofanana kwa aliyense. Ine sindinasayine, ndinati ndikafunse kaye eni ake amene anandituma.

Ndiye Lachinayi pa pulakatisi tifunika tigwirizane ngati dzina la kwaya yathu lipite pa kalatayo kapena ayi, ndipo a Atcheya ndikupempha kuti amene akutsutsa apatsidwe mpata woyamba kuyankhula. Tisankhenso nyimbo ziwiri zija chifukwa akufuna mayina ake mwezi uno usanathe. A msungichuma, ndalama ya basi imene munandipatsa yatsalako, ndidzabweza tsiku lomwelo.