Musanagule kamakina ka GPS ka pa njinga, kayeseni pa Khwekhwelere

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anzanga opalasa njinga, poti masamba a zamasewero adzadza ndi mpira wokhawokha ngati kuti ife amene timadzuka 5 koloko Loweruka kukakwera zitunda sitilipo. Nkhani yanga ndi ya timakina tija tomanga pa handulo, toonetsa makilomita, liwiro ndi njira. Kuno ku Dedza achinyamata ayamba kutifuna kwambiri ndipo ena akutaya ndalama ndikuona, nde ndati ndisangokhala chete.

Choyamba, si kamakina kalikonse koonetsa manambala kali ndi GPS ayi. Mng'ono wanga anagula kena mtauni atauzidwa kuti ndi GPS, kufika nako kunyumba tikutsegula kapaketi tikupeza kachingwe ndi kamaginito komanga pa sipoko. Kotereko kamangowerenga kuti tayala lazungulira kangati, ndipo ukalakwitsa kukauza kukula kwa tayala lako kakunamiza tsiku lonse. Si koipa, amadala athu a njinga za mpikisano akhala akugwiritsa ntchito zimenezi kuyambira kale, koma munthu asakulipiritse mtengo wa GPS. Ka GPS kenikeni kamamva masetilaiti amene ali mumlengalenga makilomita oposa 20,000, kamafuna osachepera anayi kuti kadziwe pamene uli, ndipo sikadya bandulo kapena kudalira netiweki. Ichi anthu ambiri sakhulupirira mpaka utawaonetsa pamalo poti foni yafa netiweki koma iko kakuwerengabe.

Pagulu lathu tilipo ochepa koma timakina tilipo tosiyana. Mnzathu wina ali ndi Garmin Edge 530 imene achimwene ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg itagwirako kale ntchito, wina ali ndi Wahoo Elemnt Bolt, ine ndinali ndi kotchipa kopanda dzina lodziwika, ndipo ena angapo amangotsegula Strava, pulogalamu yolemba ulendo wako ndi GPS, pa foni nkuyika mthumba. Tsiku lina tinatsika kuchoka pa Masasa kupita ku Golomoti nkubwerera momwemo, kukwera Khwekhwelere yense ndi makona ake aja. Amene anadutsapo akudziwa, pansi kutentha thukuta kamukamu, pamwamba mphepo yolowa mmafupa. Titafika pa M1 tinakhala pansi tikudya nthochi nkuyamba kufananiza. Makilomita tonse tinali pafupipafupi, kusiyana kwake kosadandaulitsa. Koma pa nkhani ya mamita amene takwera, eee, kanga kanali kwina kwake, mnzanga mpaka anandifunsa ngati ndinakwera lole panjira. Chifukwa chake nchakuti Garmin ija ndi Wahoo zili ndi kachipangizo koyeza mphamvu ya mpweya, kamene kamazindikira ukakwera ngakhale pang'ono, pomwe kanga kamangoganizira kuchokera ku masetilaiti, ndipo masetilaiti pa nkhani ya kutalika kwa phiri salondola kwenikweni. Munthu wa ku Nchalo kumene kuli see angati nanga zili ndi ntchito yanji, koma ife tauni yathu ili pa mamita pafupifupi 1,600, phiri la Dedza likupitirira 2,000, nyanja ili pansi pa 500. Kuno ulendo timauyeza ndi zitunda, nde kamakina kosadziwa chitunda nkachani?

Garmin ija inandikopa pa chinthu chimodzi. Ukayikamo njira usananyamuke, ukangoyamba chitunda imakuonetsa kuti chatsala chotalika bwanji komanso pati pamene pawawe kwambiri, amati ClimbPro. Pa Khwekhwelere zimenezi zimathandiza mtima, chifukwa kona iliyonse umaganiza kuti ndi yomaliza, kuseri kwake nkupeza ina. Wahoo nayo ubwino wake ndi kuphweka, zonse umakonzera pa foni, manambala umawakulitsa kapena kuwachepetsa ndi mabatani a pambali, ndipo mapu a dziko lililonse umangotsitsa ukapeza WiFi. Apa ndiye pofunika kusamala ndi za kaunjika zobwera kuchokera ku Ulaya, chifukwa Garmin imabwera ndi mapu a dera limene inagulitsidwa, ukhoza kuyatsa nkupeza misewu ya ku Germany yonse ilimo koma Bembeke kulibe. Mapu aulere a OpenStreetMap amatheka kuyikamo ndi kompyuta, koma funsani musanapereke ndalama. Ndipo ngakhale mapuwo alimo, tinjira ta kumudzi tambiri mulibe, kupita mkati mwa Kasumbu kapena kuseri kwa Chongoni pakamwa mpomwe pamakhala mapu, umayima nkupereka moni nkufunsa.

Batire ndi nkhani ina yaikulu poti magetsi kwathu kuno amabwera ndi kupita mmene afunira. Edge 530 opanga ake amati imafika maola 20, Bolt maola 15, pomwe foni ukayatsa sikilini pa dzuwa ndi GPS limodzi ikafika masana yatha, ubooke tayala pa Mlangeni ulibe poyimbira. Ziliko zotchaja ndi dzuwa monga Edge 1040 Solar koma mtengo wake ukhoza kugula njinga zingapo za kabaza, ine sindingalimbikitse munthu. Yogwirako kale ntchito batire imakhala itatopa, nde muuzeni wogulitsa ayitchaje, muyiyatse mmawa muone madzulo yatsala bwanji.

Za sikilini yogwira ndi chala zisakutengeni mtima. Mu June ndi July kuno chifunga chimagwa mpaka osaona galimoto ili patsogolo, zala zaumiratu, mwavala magolovesi, timadontho tili pa sikilini, mudzalakalaka mabatani. Komanso onani chomangira. Kanga kaja kanathera pa msewu wafumbi wa mabampu, kapulasitiki kake kanathyoka ndili pa mtsetse, ndinangomva phwa kumbuyo, pobwerera ndikupeza galasi lili mbee ngati dzira. Chikhala kuti ndinamangirira kachingwe ku handulo bwenzi ndili nakobe.

Maganizo anga ndi awa, wongoyamba kumene asavutike, foni mthumba ndi Strava zikukwana, ndalamayo agule chipewa choteteza mutu ndi magetsi a kumbuyo chifukwa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu ndi yopapatiza ndipo mathiraki sasewera. Amene wafika poyenda maola asanu kapena kuposa ndi amene aganize zogula, ndipo asankhe cha mabatani, choyeza mpweya, cha batire yolimba. Zapakati ziliponso monga Bryton ndi iGPSPORT, zotsikirako mtengo, zina mwa izo choyezera mpweya chilimo zina mulibe, werengani pabokosi.

Ndimaganiziranso abale athu a kabaza. Pa Lizulu tsiku la msika ndinaona mkangano, mayi ndi thumba lawo la mbatatesi akuti ndi pafupi pomwepa, wakabaza akuti mayi ndi kutali komanso nkokwera, mpaka anthu kuunjikana. Ndinaganiza kuti ngakhale ka maginito kaja katakhala pa handulo yake bwenzi akungowaonetsa kuti onani tayenda makilomita akuti, mtengo nkugwirizana. Mabungwe a kabaza a pa Dedza boma ndi pa Ntcheu ayeseko pa njinga ziwiri zitatu aone.

Ndipo inu Akonzi, tumizani mtolankhani wanu Loweruka lina adzatipeze pa Masasa 6 koloko mmawa, njinga timubwereka.

Wopalasa njinga,
Dedza