Masabata 8 a tchuthi cha uchembere akuchepa

A Mkonzi,

Masabata 8 omwe lamulo la Employment Act la 2000 limapereka kwa mayi akachira ndi ochepa, komanso ngakhale ochepa omwewo mabwana ambiri sakuwalemekeza. Lamuloli limati mayi alandire malipiro ake onse pa tchuthichi, kamodzi pa zaka 3 zilizonse, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu.

Koma kuntchito kwathu ndaona atsikana akumanga mimba ndi nsalu kuopa kuti kontilakiti yawo ikatha sawapatsanso ina, ena pobwera amapeza pamalo pawo pakhala kale munthu wina, bwana nkumangoti bizinesi siyidikira munthu. Antchito zapakhomo ndiye tisakambe, amangowauza kuti longedzani.

Achipatala amatiuza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, nde mayi abwerere kuntchito mwana asanakwane ndi miyezi 2 yomwe, aziyamwa chani?

Pangano la nambala 183 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limati masabata osachepera 14. Aphungu athu akweze afike pamenepo, ndipo a leba aziyendera okha makampani, osadikira kuti mayi akadandaule yekha poti ambiri amaopa kuchotsedwa.

Mayi wokhudzidwa