Kalata kwa Bwenzi Loyamba PhD ya Malamulo Aakulu a Dziko

Okondedwa anzanga,

Ndakondwera kumva kuti mwayamba maphunziro a PhD pa malamulo aakulu oyendetsera dziko, ndipo popeza mwafunsa maganizo anga pa mndandanda wautali wa mabuku umene akupatsani, ndiyankha mosabisa. Musawerenge mabukuwo ngati kuti lililonse ndi chigamulo chomaliza. Muziwawerenga awiriawiri, wolemba aliyense pamodzi ndi womutsutsa, chifukwa ambiri mwa iwo akulimbana ndi funso limodzi: aphungu osankhidwa ndi anthu akasemphana ndi malamulo aakulu, womaliza kulankhula ndani?

A.V. Dicey, m'buku lake la mu 1885, anati nyumba ya malamulo ya ku Britain ikhoza kukhazikitsa kapena kuthetsa lamulo lililonse popanda khothi loikaniza. Mumuwerenge pamodzi ndi John Marshall, amene pa mlandu wa Marbury v. Madison mu 1803 anagamula kuti khothi la ku America liyenera kukana lamulo losemphana ndi malamulo aakulu.

Koma pomwe ndikupempha kuti muchedwepo kwambiri ndi pa mkangano wa Carl Schmitt ndi Hans Kelsen wa mu 1931. Schmitt ankati mlonda weniweni wa malamulo aakulu a ku Germany anali pulezidenti, popeza anasankhidwa ndi anthu onse ndipo gawo 48 la malamulo aakulu a dzikolo a nthawi imeneyo, otchedwa a Weimar, linamupatsa mphamvu zapadera pa nthawi ya chisokonezo. Kelsen, amene anathandiza kulemba malamulo aakulu a ku Austria a mu 1920 nakhalanso woweruza m'khothi loona za malamulowo, anayankha kuti nkoopsa kupereka ulonda kwa munthu amene ali ndi mphamvu zambiri zophwanyira malamulo omwewo. Ine ndili kumbali ya Kelsen ndi mtima wonse. Komabe musamutaye Schmitt chabe chifukwa analowa chipani cha Nazi mu 1933; mumumvetse kaye pamene mfundo zake zili ndi mphamvu, makamaka funso lake lakuti amagamula ndani zinthu zikafika poti lamulo lolembedwa silikunenapo kanthu, kenako mumutsutse ndi zifukwa zanuzanu. Okuyesani adzazindikira msanga ngati mukungobwereza zimene ena analemba za iye.

Alexander Bickel wa ku America, m'buku lake la mu 1962, adzakusowetsani mtendere pofunsa chifukwa chake oweruza osasankhidwa ndi anthu amaloledwa kugwetsa zofuna za ambiri. Mukatha pamenepo, tembenukirani ku India, kumene mu 1973 oweruza 7 mwa 13 pa mlandu wa Kesavananda Bharati anagamula kuti nyumba ya malamulo ikhoza kusintha malamulo aakulu koma siingagwetse maziko ake. Chigamulochi ndi chachitali zedi, koma muchiwerenge chenichenicho, pamodzi ndi maganizo a oweruza 6 amene anatsutsa.

Ngati pa mndandanda wanu palibe H.W.O. Okoth-Ogendo wa ku Kenya, mumuwonjezepo nokha. Iye anafotokoza mmene atsogoleri ambiri a mu Africa ankanyadira malamulo aakulu olembedwa bwino koma osalola kuti awamange manja, ndipo ameneyu ndi amene angakuthandizeni kuona zimene Dicey ndi Kelsen sanaziganizire.

Mundilembere mukasankha funso la kafukufuku wanu, ndipo munditumizire mutu woyamba ngakhale usanakonzedwe bwino, kuti ndiuwerenge musanaupereke kwa okuyang'anirani.

Ine bwenzi lanu.